Kuthana ndi mantha a malo otsekeka: minibasi, chikepe ndi makina a MRI

Pali anthu amene amalolera kuti minibasi zitatu ziwadutse pa siteji, bola apeze mpando wa kuchitseko. Ena amakwera masitepe mpaka nsanjika yachisanu, thukuta lili kamukamu, chikepe chili pambali pawo chikugwira ntchito bwinobwino. Ena akalowa m'chimbudzi cha eni sakhoma, amangotchinga chitseko ndi phazi. Vuto lawo onsewa ndi limodzi: mantha a malo otsekeka kapena opanikiza, amene madokotala amawatcha claustrophobia. Si misala ndipo munthu sanalodzedwe. Manthawa ali m'gulu la mantha amene amamva chithandizo msanga, bola njira yake itsatidwe.

Njirayo tiitchuliretu. Mantha awa amanenepa munthu akamathawa, ndipo amafota akamakhala m'malomo mpaka thupi litadzionera lokha kuti palibe chimene chachitika. Zina zonse zili m'munsimu n'zongokuthandizani kuti mukhale osathawa.

Chimene chimachitika m'thupi

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito ya mlonda. Kakaona ngati pali ngozi sikadikira kuti muganize. Kamangoliza belu, ndipo tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timathira adrenaline m'magazi. Mtima umathamanga, kupuma kumafulumira, kukamwa kumauma, miyendo imanjenjemera, ena amamva nseru. Thupi likukonzekera kuthawa, ndipo zikanathandiza nyumba ikanakhala kuti yayaka. Cholakwika n'chakuti mlondayo akulizira belu chitseko chotseka.

Pa zonsezi, chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi kupuma. Munthu akamapuma mwawefuwefu amatulutsa carbon dioxide wochuluka kuposa amene thupi likupanga. Mpweya umenewu ukachepa m'magazi, mitsempha yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, ndiye pamabwera chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, chifuwa chomangika, mwinanso kuona ngati zinthu zili kutali. Munthu amati "mpweya watha muno", n'kuyamba kukoka mwamphamvu, zizindikiro n'kumakulirakulira. Pomwe akuganiza kuti akubanika, n'kuti akupuma mopitirira muyeso.

Tiwerengere limodzi. Kabafa ka mita 1 m'lifupi, mita 1.5 m'litali ndi mamita 2.4 kupita m'mwamba kali ndi malita 3,600 a mpweya. Pa malita 100 alionse, 21 ndi okosijeni, kutanthauza malita pafupifupi 750. Munthu wamkulu wongokhala amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 15 pa ola. Ngakhale kabafako katamatidwa paliponse, pangapite maola angapo mpweya usanayambe kuipa, ndipo bafa lenileni lili ndi mpata pansi pa chitseko ndi m'mbali mwa zenera. Chikepe nachonso amachipanga ndi tizibowo tolowetsa mpweya.

Mantha akuluwo amafika pachimake mkati mwa mphindi pafupifupi 10, kenako amayamba kutsika okha chifukwa thupi silingakhale pa liwiro limenelo. Kukomoka sikuchitika kawirikawiri, popeza mantha oterewa amakweza kuthamanga kwa magazi, pamene kukomoka kumabwera kukatsika. Okomoka m'chigulu cha anthu nthawi zambiri amakhala kuti aima nthawi yaitali, kukutentha, asanadye.

Katswiri wa maganizo Stanley Rachman ndi anzake anaonetsa kuti mantha awa ali ndi nthambi ziwiri. Ina ndi kuopa kubanika, ina ndi kuopa kutsekeredwa osatha kutuluka pamene wafuna. Dzifunseni kuti yakula mwa inu ndi iti. Woopa kubanika amapeza bwino zenera likatsegulidwa ngakhale chitseko chili chokhoma. Woopa kutsekeredwa amavutika ngakhale m'holo yaikulu akakhala pakati pa mzere, kapena pa mpando wa dokotala wa mano. Yankho lanu ndilo lidzakuuzeni zoyeserera.

Chiyambi chake chimasiyana. Ena anakhomeredwa m'chipinda ali ana, ena anatsekeredwa m'chikepe magetsi atazima, ena anapanikizika m'galimoto pa ngozi, ena anatengera poona kholo likuopa. Ambiri sakumbukira chilichonse, ndipo kuchira sikudalira kupeza gwero.

Musanayambe

Pali malo otsekeka amene kuwaopa n'kwanzeru, ndipo malangizo awa sakuwakhudza. Chipinda chotseka mazenera muli mbaula ya makala kapena jenereta chimapha ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha. Chitsime chakuya, dzenje la chimbudzi, thanki, ndi chipinda chimene athiramo mankhwala ofukiza chimanga zimatha kukhala ndi mpweya wakupha. Galimoto yotseka mawindo padzuwa imatentha msanga moopsa, makamaka kwa mwana. Musayeserere kulimba mtima m'malo ngati amenewa.

Chachiwiri, ngati phuma ndi kuthamanga kwa mtima zimakupezaninso pabwalo, pokwera chitunda kapena muli mtulo, kaonaneni ndi dokotala kaye. Mphumu, kuchepa kwa magazi, matenda a mtima ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira zimabweretsa zizindikiro zofanana. Kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kapena kosasiya mutatuluka m'malomo, n'kothamangira nako kuchipatala nthawi yomweyo. Amayi oyembekezera, odwala khunyu ndi odwala mtima afunse kuchipatala asanayambe zoyesererazi.

Gawo loyamba: lembani

Tengani kope. Kwa sabata imodzi, lembani malo alionse amene mwawapewa kapena mwalowamo mtima uli m'mwamba, ndipo muwapatse nambala kuyambira 0, mtima uli m'malo, mpaka 10, mantha aakulu amene munamvapo. Pambali lembani chimene mukuopa kuti chichitika, m'mawu enieni. "Ndikuopa" n'kosakwanira. Lembani kuti "ndibanika pasanathe mphindi 3", kapena "ndikuwa, anthu andiseka", kapena "chitseko chikana kutseguka ndipo palibe andimve". Mawu otere mutha kuwayesa n'kuona ngati ali oona.

Lembaninso timachenjera timene mumadzitetezera nato: kugwira chogwirira cha chitseko, kuyenda ndi botolo la madzi losasiyana nalo, kuimbira foni mnzanu mukangolowa, kumwa kamowa musanakwere basi, kudzigwira pamkono kumvera mtima. Tidzabwererako.

Gawo lachiwiri: kupuma

Khalani pampando, dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Kokerani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, motero kuti likwere ndi dzanja la pamimba. Tulutsani pang'onopang'ono ndi pakamwa, milomo ili ngati mukuuzira phala, mukuwerenga mpaka 6. Izi zimakupatsani kupuma pafupifupi ka 6 pa mphindi. Chitani mphindi 5 m'mawa ndi mphindi 5 madzulo kwa sabata yathunthu, muli pamtendere, chifukwa luso losazolowera silibwera mantha akafika.

Ambiri amalakwitsa pokoka mpweya wambiri poganiza kuti kupuma mozama ndiko kofunika. Mukatero mukuonjezera chizungulire chomwe chija. Kokani pang'ono, tulutsani motalika. Mukamva mutu kupepuka, ndiye kuti mukukoka mopitirira. Zopumira m'pepala kapena m'jumbo zisiyeni. Ngati vuto lili la mphumu kapena mtima, zimaika moyo pangozi.

Kupuma kotere kumachepetsa ukali wa zizindikiro kuti muthe kukhala m'malomo, koma pakokha sikuchotsa mantha.

Gawo lachitatu: pangani makwerero

Kuchokera m'kope muja, sanjani zochitika 8 mpaka 10 kuyambira chopepuka kufika cholemetsa. Sitepe yoyamba ikhale ya 3 kapena 4: yokuvutani ndithu, koma yoti mungaipirire. Nachi chitsanzo cha munthu amene vuto lake lalikulu ndi minibasi:

- kukhala m'bafa la kunyumba chitseko chili chotseka koma chosakhoma, mphindi 5 (3)
- kudzikhomera nokha m'bafamo, kiyi ali pachitseko, mphindi 10 (4)
- kukhala mpando wakumbuyo wa galimoto yoima pamthunzi, injini yozima, mphindi 10 (5)
- kukwera minibasi mpando wa kuchitseko, masiteji awiri okha (5)
- mzere wachiwiri, pawindo, ulendo wa mphindi 10 (6)
- mzere wapakati, anthu ali uku ndi uku (7)
- mzere wakumbuyo nthawi ya masana anthu atachepa (8)
- pakona ya mzere wakumbuyo nthawi yoweruka (10)

Za chikepe zimayenda chimodzimodzi. Yambani n'kuima pafupi kuonerera chikutseguka ndi kutseka. Kenako lowani ndi kutuluka chitseko chisanatseke, kenako kwerani nsanjika imodzi ndi munthu amene mumamukhulupirira, kenako nsanjika imodzi nokha iye akudikira pamwamba, kenako zitatu, mpaka mudzakwere chodzaza anthu. Okhala ku London kapena ku Johannesburg amene amaopa sitima yapansi panthaka ayambe ndi siteshoni imodzi nthawi yopanda chigulu.

Ngati nthambi yanu ndi ya kubanika, onjezerani masitepe oyeserera kumva phuma lenilenilo: kufunda bulangete kumutu mphindi imodzi kapena ziwiri, kuvala masiki muli m'kachipinda, kapena kupuma ndi kapaipi komwera zakumwa kwa masekondi 30 mutatsina mphuno. Thupi limaphunzira kuti kumva phuma si kufa. Pulasitiki isayandikire kumaso, ndipo a mphumu izi asachite.

Mpata pakati pa sitepe ndi inzake usapitirire manambala awiri. Ukakula, ikanipo ina pakati posintha chinthu chimodzi chokha: kutalika kwa nthawi, kuchuluka kwa anthu, kapena kukhala ndi woperekeza.

Gawo lachinayi: kuyeserera

Musanalowe, werengani chimene munalemba kuti chichitika. Lowani. Mantha adzakwera, ndipo ayenera kukwera. Akapanda kukwera ndiye kuti sitepeyo njopepuka ndipo simukuphunzirapo kanthu. Mphindi ziwiri zilizonse dzifunseni nambala. Pumani mwa 4 ndi 6 muja, mapewa agwe, maso ali otsegula mukuona malo amene mulimo. Khalani mpaka nambala itatsika pafupifupi ndi theka, kapena mpaka nthawi imene munati tsoka lichitika itadutsa kwambiri. Poyamba izi zimatha kutenga mphindi 20 kapena 30. Zochitika zazifupi ngati chikepe muzizibwereza motsatizana, kukwera ndi kutsika ka 10 kapena ka 15 pa ulendo umodzi.

Mukatuluka lembani zinthu zitatu: nambala yapamwamba imene munafika, nambala yotulukira, ndi ngati choopedwa chija chachitika. Mzere wachitatuwu ndiwo wofunika koposa. Pakatha masabata awiri mudzakhala ndi tsamba lodzaza ndi "sindinabanike, sindinakuwe, chitseko chinatseguka", lolembedwa ndi dzanja lanu, ndipo ubongo umakhulupirira zimenezi kuposa mawu olimbikitsa a wina aliyense.

Bwerezani sitepe yomweyo masiku 4 kapena 5 pa sabata. Mukailowa kawiri kapena katatu motsatizana nambala osapitirira 3, kwerani ina. Sinthaninso malo: mukazolowera chikepe chimodzi chokha, ubongo umati chabwino ndi chimenecho basi.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tifatsepo. Mukatuluka mantha ali pachimake, mumamva mpumulo waukulu nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewo ndiwo msampha. Ubongo umalemba kuti "ndapulumuka chifukwa ndathawa", ndipo ulendo wotsatira belu limalira msanga ndi mwamphamvu. N'chifukwa chake munthu amene anayamba n'kuopa chikepe chokha amapezeka patapita zaka akuopa basi, ndege, ngakhale neti yogonamo. Zikakukanikani n'kutuluka, musadzidzudzule. Khalani panja mphindi zochepa, mtima ukatsika bwererani tsiku lomwelo, ngakhale pa sitepe yotsikirapo.

Timachenjera tija timagwira ntchito ngati kuthawa komweko, kungoti mobisika. Mukakwera chikepe mutatsinzina, mukuimba foni, dzanja lili pa batani lotsegulira, ubongo umayamikira foniyo ndi batanilo. Pa masitepe oyamba mutha kutisunga, koma musanachoke pa sitepe iliyonse muichite kamodzi kapena kawiri popanda kalikonse. Woperekeza nayenso azichoka pang'onopang'ono. Za pemphero: ngati limakupatsani mphamvu yolowa ndi kukhala, pempherani. Chongofunika kusamala n'chakuti lisasanduke mwambo woti mukaphonya liwu limodzi mukuona ngati chikepe chigwa.

Zina zolepheretsa n'zodziwika. Kuyeserera kamodzi pa masabata awiri sikumanga kanthu. Kulumphira sitepe ya 9 tsiku loyamba kumangokuphunzitsani kuthawa. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimathamangitsa mtima, ndiye muzipewe maola angapo musanayeserere. Kusagona ndi matsire a mowa zimakweza mantha tsiku lonse.

Zikakupezani mosayembekezera

Chikepe chikaima pakati, dinani batani la belu kapena la foni, nenani kuti muli angati, ndipo imbirani wa panyumbapo ngati foni ikugwira. Musakanule chitseko ndipo musayese kutuluka chikepe chili pakati pa nsanjika ziwiri, chifukwa ngozi zenizeni zimachitikira pamenepo chikayambanso kuyenda. Chikepe cha zingwe chimapachikidwa pa zingwe zachitsulo zingapo, ndipo mabuleki ake amagwira okha magetsi akazima. Tsamirani khoma kapena khalani pansi, masulani kolala, tulutsani mpweya motalika. Tchulani mumtima zinthu 5 zimene mukuona, 4 zimene thupi likukhudza, 3 zimene mukumva m'makutu. Yang'anani wotchi n'kudziuza kuti pakatha mphindi 10 chimake chikhala chitadutsa.

M'minibasi, pemphani mwaulemu kuti, "Achimwene, tatsegulaniko windo pang'ono." Ngati mwaganiza zotsika, dzipatseni siteji imodzi yoonjezera, kenako ina. M'ndege sankhani mpando wa kunjira pa ulendo woyamba ndipo uzani wogwira ntchito m'ndegemo musananyamuke. Mpweya wa m'ndege umasinthidwa mphindi zochepa zilizonse.

Kuunikidwa ndi MRI

Apa mantha amatha kumulanda munthu chithandizo chofunika, ndiye kukonzekera n'kofunika. MRI ndi makina ojambula mkati mwa thupi. Makinawa ndi chimpaipi chotseguka mbali zonse ziwiri, chotambalala masentimita pafupifupi 60, ena atsopano 70. Mkati muli nyali ndi kamphepo koyenda. Kuunika kumatenga mphindi 15 mpaka ola limodzi malinga ndi chiwalo, ndipo kumachitika m'zigawo za mphindi zochepa. Phokoso lake ndi lalikulu, logogoda ngati akukhoma malata, ndiye amakupatsani zotseka m'makutu. M'dzanja amakupatsani kampira kofinya. Mukafinya, wounikayo amamva, amakuyankhulani, ndipo atha kukutulutsani. Makina a CT, amenenso amajambula mkati mwa thupi, ndi osiyana: ndi mkombero waufupi ndipo amatha m'mphindi zochepa.

Nenani za mantha anu tsiku lopangana, osadikira tsiku lounikidwa. Funsani ngati chiwalo chanu chikulola kulowetsa miyendo poyamba. Pa bondo kapena phazi mutu nthawi zambiri umatsala kunja. Pounika mutu amaika chotchinga chonga khola kumaso, ndipo zotchinga zambiri zimakhala ndi kagalasi koonera kunja, ndiye kapempheni. Pemphani kuona makinawo ndi kugonapo pang'ono asanayambe, komanso kuti azikuuzani kutalika kwa chigawo chilichonse. Kunyumba, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, gonani chagada pansi pa tebulo lalifupi osagwedezeka, kuyambira mphindi 5 mpaka kufika 30, mukumvera phokoso la MRI lopezeka pa YouTube. Tsikulo likafika, ambiri zimawayendera bwino akatsinzina bedi lisanalowe, kapena akaika kansalu kumaso. Pano cholinga ndi chithunzi chabwino, ndiye timachenjera tonse n'tololedwa. Kugwedezeka kumaononga chithunzi ndipo chigawocho chimabwerezedwa.

Ngati zikukanikabe, dokotala atha kulemba mankhwala okhazika mtima pansi monga diazepam kapena lorazepam oti mumwe kuunika kusanayambe. Mukamwa musayendetse galimoto, musamwe mowa, ndipo mubwere ndi wokuperekezani. Mankhwalawa ndi a tsiku limodzi lotere. Omwa kawirikawiri amawazolowera mpaka kulephera kusiya, ndipo kuyeserera mutamwa sikuphunzitsa ubongo kanthu. Musagule pamsika kapena kupempha a mnzanu.

Kwa operekeza ndi makolo

Musamutsekere munthu modzidzimutsa poganiza kuti mukumuchiritsa. Zimakulitsa mantha ndipo sadzakukhulupiriraninso. Kiyi akhale m'manja mwake, sitepe asankhe yekha. Mawu akuti "palibe choopsa apa" kapena "limbani mtima" sathandiza. Iye akudziwa kale, thupi ndilo silikumva. Nenani mofatsa kuti, "Mayi, ndili pompano. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono. Pano muli pa nambala yanji? Tiyeni tikhale mphindi ina imodzi." Komanso musamuthandize kupewa mpaka kalekale pomusungira mpando wa kutsogolo tsiku lililonse.

Mwana asakhomeredwe m'chipinda, m'bafa kapena m'kabati ngati chilango. Kwa mwana amene akuopa kale, makwerero omwewa amagwira, kungoti masitepe akhale aafupi ndipo akhale ngati masewera: kanyumba ka mabulangete pakati pa mipando, iye akulowa ndi kutuluka mmene wafunira, nthawi ikutalika pang'onopang'ono.

Pofunika katswiri

Pitani kuchipatala ngati manthawa atha miyezi 6 kapena kupitirira ndipo akukulepheretsani ntchito, ulendo kapena chithandizo. Ngati mwayeserera mokhulupirika masabata 6 mpaka 8 osasuntha. Ngati mantha aakulu amakugwerani paliponse popanda choyambitsa. Kapena ngati mwayamba kudalira mowa ndi mapiritsi. Ngati anayamba pambuyo pa ngozi, kugwiriridwa, kutsekeredwa m'chitolokosi kapena kukwiririka mumgodi, ndipo mumalota zoopsa kapena kuona zochitikazo zikubwerera m'maso, musayeserere nokha, chifukwa pamafunika chithandizo china.

Ku Malawi yambirani pa chipatala cha boma lanu n'kufunsa namwino kapena dokotala woona za maganizo. Palinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka. Ku England mutha kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies, chithandizo cha boma cha za maganizo. Chithandizo chofunsa ndi CBT (chithandizo chophunzitsa kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) yokhala ndi kuyeserera kulowa m'malo oopedwawo, osati kukambirana kokha. Sichitenga zaka: katswiri wa ku Sweden, Lars-Göran Öst, anaonetsa kuti anthu ambiri a mantha oterewa amasintha kwambiri ngakhale pa chigawo chimodzi cha maola pafupifupi atatu chotsogozedwa ndi wodziwa. Popita tengani kope lanu lija.

Mukafika pamwamba pa makwerero, pitirizani kukwera chikepe kapena kukhala mpando wakumbuyo kamodzi pa sabata, ngakhale mpando wa kuchitseko ulipo. Mantha akadzabwereranso nthawi ya maliro, matenda kapena kutopa, tsikani masitepe awiri n'kuyambira pamenepo sabata yomweyo.